Khoma Tasindikiza, Nanga Denga?

Mu Juni 2021 ana a mudzi wina m'boma la Salima adayamba kuphunzira m'nyumba imene nyuzipepala za maiko ambiri zidaitcha sukulu yoyamba padziko lonse yomangidwa ndi makina osindikiza. Idamangidwa ndi kampani ya 14Trees, imene eni ake panthawiyo adali Holcim, kampani yaikulu ya simenti ya ku Switzerland, pamodzi ndi CDC Group, bungwe la boma la Britain loika ndalama m'mabizinesi a maiko osauka, lomwe tsopano likutchedwa British International Investment. Chimene chidamveka kutali kuposa dzina la mudziwo ndi nambala imodzi: makoma a nyumbayo adaimirira m'maola 18 okha.

Mawu oti kusindikiza ife tidazolowera kuwamva pa mabuku, nyuzipepala ndi makhadi a ukwati. Womasulira aliyense akafika pa nkhaniyi amayamba waima kaye, chifukwa chiganizo choti "asindikiza sukulu" chimamveka ngati nthabwala m'dziko limene ana angapo amagundanitsa mitu pa buku limodzi la Chichewa. Koma mawu ena abwino palibe, ndipo makinawo amachitadi zofanana ndi kusindikiza. Adapangidwa ndi kampani ya COBOD ya ku Denmark. Ndi chimango chachitsulo chimene amachiimika mozungulira malo omangapo, ndipo pachimangocho pamayenda paipi yolavula matope a simenti, mzere pamwamba pa mzere, motsatira pulani imene ili mu kompyuta. Amene adaonapo mayi akuumba mtsuko posanjikiza nkhata za dongo sangadabwe kwambiri. Kusiyana kwake n'koti woumba mtsuko amasalaza ndi chala ndi chitsononkho, pamene khoma losindikiza limasiyidwa ndi mizere yake yooneka.

Luso limeneli lili ndi ubwino weniweni, ndipo siliyenera kunyozedwa chabe chifukwa lachokera kunja. Silifuna njerwa zootcha, zomwe uvuni wake wadya mitengo yambiri ya m'mapiri mwathu. Chiyambire 2018 malamulo a Malawi salolanso njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za mabizinesi akuluakulu, choncho njira ina yomangira ikufunikadi. Makinawo sataya matope ambiri. Amatha kusiya mpata m'kati mwa khoma kuti kutentha kusadutse msanga. Ndiponso kwa iwo khoma lokhota ndi lowongoka mtengo wake ndi umodzi, chinthu chimene mmisiri wa chingwe ndi levulo sangalonjeze.

Chondivuta ine ndi muyeso umene tidavomera kuyezera nyumbayo. Tidaiyeza ndi wotchi.

Nkhani ya Salima idabwera ndi nambala zinanso. Bungwe la UNICEF lidayerekeza kuti Malawi akuperewera makalasi 36,000 a pulayimale, ndipo a kampaniyo adati pa liwiro limene timamangira zingatitengere zaka 70 kuti tikwanitse, pamene ndi makina awo zaka 10 zingakwane. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makalasi 36,000 m'zaka 10 ndiye kuti 3,600 pachaka, pafupifupi makalasi 10 tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe, dzinja ndi chilimwe. Kalasi iliyonse mwa amenewa ikufuna maziko okumbidwa ndi khasu ndi piki, pansi pothiridwa konkire, madzi otungidwa, jenereta ndi dizilo wake, ndi lole yonyamula chimango chija pamsewu umene mlatho wake udakokoloka chaka chatha. Makoma akatha, makinawo amapakidwa n'kumapita, ndipo denga, zitseko ndi mazenera zimatsalira akalipentala ndi owotcherera, monga kale. Maola 18 aja ndi a gawo limodzi lokha la ntchito.

Ndipo gawo limenelo si limene limatichedwetsa. Amisiri odziwa ntchito, zipangizo zonse zili pamalo, amakweza makoma a mdadada wa makalasi awiri m'masabata ochepa. Midadada imene mumaiona m'mbali mwa msewu itaima pa mzere wa mazenera, udzu utamera m'kati ndi mbuzi zikugonamo, sidaime chifukwa womanga amayala njerwa pang'onopang'ono. Ndalama zidatha, kapena zidachedwa kutuluka, kapena zidalowa m'thumba la munthu. Kontilakitala adasamuka usiku. Makina sachiza matenda amenewa. Amawonjezeranso ena, pakuti makinawo, zitsulo zake zosinthira ndi zina zosakaniza m'matope ake zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankamanga ngakhale kanyumba ka chipinda chimodzi nthawi imeneyo akukumbukira mmene thumba la simenti lidakwerera. Sitiyeneranso kuiwala kuti mwini wina wa luso lofuna simenti pa mzere uliwonseli ndi wogulitsa simenti. Si mlandu umenewo, koma ndi bwino kudziwa amene akukuuza kuti wadwala ndi chimene ali nacho m'sitolo mwake.

Tsono kalasi n'chiyani kwa mwana amene amakhalamo?

Mdadada umene ambiri tidaphunziramo ndi umodzimodzi ku Karonga ndi ku Nsanje: zipinda ziwiri zogundana, bolodi kutsogolo, malata pamwamba popanda siling'i, ndipo m'malo mwa mazenera agalasi muli mabuloko obooka. Mabuloko obookawo ali ndi chifukwa chake. Galasi limasweka ndi mpira wachikulunga, felemu amaizula akuba, pamene bulokolo palibe angalibe. Choncho ngakhale pulani yakaleyo idajambulidwa poganizira mbava ndi thumba la boma, diso la mwana lidabwera pambuyo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana adalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo funso lakhala loti timange angati. Loti timange otani lidaikidwa padera. Lero ndondomeko ya boma imafuna ana 60 m'kalasi, koma m'masukulu ambiri Sitandade 1 ndi 2 muli ana oposa 100, atakhala pansi miyendo yopiringizana.

Lowani m'chipinda chotere cha m'ma 11 koloko mu Okutobala, m'boma la m'mbali mwa nyanja ngati Salima yemweyo. Malata apsa, ndipo kutentha kwake kukutsikira pamitu ya ana popanda chotchinga. Mpweya wotentha wakwera kudenga koma ulibe potulukira. Ana akuwodzera, mphunzitsi thukuta lili kamukamu, ndipo amene ali kumbuyo sakuona zolembedwa ndi choko chifukwa mabuloko obooka aja amalowetsa kuwala kwa timadontho. Bwereraninso mu Januwale mvula ikugwa. Phokoso la pa malata limameza mawu onse, ndipo aphunzitsi ambiri amangoima n'kudikira kuti ikate. Mwana wa Sitandade 1 amene akuphunzira kusiyanitsa "pa" ndi "pha", kapena "ta" ndi "tha", akufunika kumva kampweya kakang'ono kamene kamasiyanitsa maphatikizowa. Pansi pa malata mvula ili pakati sangakamve. Ndipo chaka chilichonse mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo, wailesi imalengeza masukulu amene madenga ake asasuka.

Kutentha, phokoso ndi kusasuka, zonsezi ndi nkhani za denga. Mdima ndi nkhani ya zenera. Palibe chimodzi mwa izi chimene makina osindikiza amachikhudza. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo zikuoneka kuti makina a ku Denmark nawonso salisenza.

Pali sukulu ina muno mu Africa imene idayambira ku funso la denga, ndipo ndi yoyenera kuiika pambali pa ya Salima. Ili m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso, ndipo idatha kumangidwa mu 2001. Adaijambula ndi Diébédo Francis Kéré, mwana wa m'mudzi momwemo, ali wophunzira pa yunivesite ya zaumisiri ku Berlin, ndi ndalama zimene adasonkhetsa ku Germany. Iye ali mwana adaphunzira m'kalasi ya mabuloko a simenti, yotentha ndi yamdima, ndipo zimenezo ndi zomwe adafuna kuthetsa. Makoma a ku Gando ndi a njerwa za dothi la komweko losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja, zosaotcha. Nzeru yaikulu ili pamwamba. Chipinda chili ndi siling'i ya njerwa za dothi zosiyidwa ndi timipata, ndipo malata sakhala pa khoma ayi: adanyamulidwa m'mwamba ndi chimango chopepuka cha zitsulo wamba zoika mu konkire, zimene anthu a m'mudzimo adadula ndi sowo ya manja n'kuwotcherera ndi kamakina kakang'ono. Mpweya wozizira umalowa pa mazenera, wotentha umakwera, n'kudutsa m'timipata tija, ndipo mphepo yodutsa pakati pa siling'i ndi malata imautenga n'kupita nawo. Malatawo adatuluka kwambiri kunja kotero kuti amateteza makoma adothi ku mvula ndi dzuwa, ndipo pakati pa makalasi atatu adasiya malo a mthunzi pomwe ana angakhale kapena kuphunzirira.

Nyumbayi idalandira mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri kwa ojambula nyumba. Anthu ena akamaisimba amati ndi chitsanzo cha kubwerera ku zamakolo. Ine ndikuona kuti akuipeputsa. Kuwerengera kukula kwa mpata woti mpweya udutse, kulemera kumene kachitsulo kowonda kangasenze, ndi kuchuluka kwa simenti wosakaniza m'dothi, ndi sayansi yeniyeni, yophunziridwa ku Berlin. Gando ndi luso lamakono ngati Salima. Kusiyana kwake ndi malo amene lusolo lidaikidwa, ndi amene adatsala nalo ntchito itatha. Ku Gando lidatsala m'manja mwa anthu amene pambuyo pake adamanga nyumba za aphunzitsi ndi makalasi owonjezera. Kumene kwasindikizidwa khoma, lusolo limakwera lole limodzi ndi chimango.

Izi ndi zofunika kwa ife chifukwa sukulu ya kumudzi m'Malawi yakhala ikumangidwa ndi ntchito ya chitukuko. Mfumu imamema anthu, amuna agwira chikombole, amayi atunga madzi, uvuni uyaka, kenako boma kapena bungwe libweretsa simenti ndi malata. Sindikuchemerera mwambowu mopanda kuona zoipa zake: nthawi zambiri udali msonkho wa anthu osauka wolipidwa ndi msana, ndipo mitengo idatha. Koma kholo limene lidaumba njerwa limalowa pa msonkhano wa komiti ya sukulu ngati mwini, ndipo khoma likang'aluka pamapezeka munthu m'mudzimo wodziwa kuchotsa njerwa zisanu n'kuika zina. Lamulo la 2018 lidachepetsa kale gawo la anthuwa kukhala mchenga, miyala ndi madzi. Kusindikiza kumalichepetsanso, ndipo funso loti adzakonza ndani khoma lotere patatha zaka 15 silidamveke m'chisangalalo cha maola 18. Dera la Salima lidagwedezeka ndi chivomerezi mu Malichi 1989, Karonga mu Disembala 2009. Khoma lililonse la m'chigwa cha nyanjayi, losindikiza kapena loyala, lidzayesedwa ndi zimenezo.

Gando nayenso sitingamukope ngati chikombole. Kumeneko ndi kouma, pamene Mulanje ndi Nkhata Bay mvula ndi yambiri, ndipo denga lonyamuka ndi lotambalala limakoka mphepo ngati thanga la bwato likapanda kumangiriridwa mwaluso. Chotengako ndi dongosolo la mafunso ake, loyamba kukhala la mmene mwana akumvera m'thupi atakhala m'chipindamo.

Pamene maso onse adali pa makina aakulu aja, luso lina laling'ono lidali litayamba kale kusintha nyumba za sukulu mwakachetechete. Ndikunena tabuleti. Mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe adayesa pulogalamu ya masamu ya m'Chichewa yopangidwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain, ndipo kafukufuku wa Nicola Pitchford wa pa yunivesite ya Nottingham adapeza kuti ana amene adaigwiritsa ntchito theka la ola patsiku kwa masabata asanu ndi atatu adapambana anzawo a m'kalasi wamba. Bungwe la VSO lidafalitsa ntchitoyi m'masukulu ena, onebillion idagawana mphoto ya Global Learning XPRIZE mu 2019, ndipo mu 2023 boma lidayambitsa ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu onse a boma. Zoti ana amaphunzirapo kanthu sindikutsutsa. Chimene ndikuyang'ana ndi chimene kachipangizoka kamalamula omanga.

Walira mvula walira matope. Tabuleti imafuna magetsi, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zimene zimaunikira magetsi a ESCOM. Choncho pafunika sola padenga, mabatire ndi mawaya. Imafuna kabati yachitsulo yotchajiramo, chipinda cha chitseko chachitsulo, loko wolimba ndi mlonda. Imadana ndi fumbi ndi madzi odontha. M'zaka zoyambirira njira yake idali kumanga kanyumba kapadera, kumene ana amalowa m'timagulu, kukhala pamphasa, kuvala mahedifoni, nthawi ikakwana n'kutuluka kuti anzawo alowe. Pa sukulu zambiri kanyumba kameneka ndi kamene kadali kosadontha, kosesedwa bwino ndi kokhoma pa nyumba zonse. Palibe amene adalakwa pamenepa, chifukwa chipangizocho ndi chodula ndipo akuba alipo. Koma zidaonetsa poyera kuti denga labwino ndi pansi posalala timatha kuzipeza ngati wogonamo wagulidwa ndi madola. Mwana amalowamo ngati mlendo wa tabuleti, kenako n'kubwerera ku chipinda chake cha ana 100.

Mahedifoni ndi amene amandipatsa maganizo kwambiri. Mwana akawavala, mwina kwa nthawi yoyamba pa tsikulo amamva mawu a Chichewa akulankhula ndi iye yekha, momveka, ngakhale mvula ikuwomba malata. Kachipangizo kameneka kachita ntchito ya siling'i, ya khoma lolekanitsa makalasi, ndi ya kalasi ya ana ochepa, zonse pamodzi. N'chifukwa chake n'kokoma, n'chifukwa chakenso n'koopsa: kangathe kutipatsa chifukwa chosiyira chipindacho mmene chilili. Nthawi ya tabuleti ndi yochepa pa tsiku la sukulu. Maola otsalawo mwana ali ndi mphunzitsi wa mawu osasa, choko ndi malata omwe aja.

Matabuleti akayamba kulowa m'makalasi wamba, monga mmene ziyenera kukhalira ngati afike m'masukulu onse, pulani yakale ya mdadada imayamba kutsutsana nawo m'njira zimene wojambula wake sadaziganizire. Bolodi imafuna kuwala kwambiri. Galasi la tabuleti limathobwa m'maso dzuwa likaligunda, choncho pafunika kuwala kofewa, kochokera m'mwamba kapena kodutsa pa khonde lalikulu. Kalasi yakale ili ndi kutsogolo, kumene onse amayang'ana. Ana a matabuleti aliyense ayang'ana pamiyendo pake, ndipo mphunzitsi afunika njira yodutsa pakati pawo. Pamene palibe madesiki, pansi ndiye desiki, ndipo simenti yokumbika yotulutsa fumbi imasanduka vuto la maphunziro. Kuchoka ku kabati kufika ku Sitandade 2 pafunika khonde lofolera, chifukwa katundu ameneyu sanyamulidwa pamvula. Ndipo sola amakhomedwa pa denga lomwe lija, limene mitengo yake mwina chiswe chidadya kale.

Apa ndi pamene ndikuona mwayi, ngati ojambula mapulani a unduna angautole. Sola akutikakamiza kuyang'ana kumwamba. Denga losenza sola liyenera kukhala lolimba, lomangiriridwa ku khoma, lopendekeka moyenera dzuwa. Ndipo denga lotere silisasuka wamba. Sola woikidwa motalikirana pang'ono ndi malata amawachitira mthunzi, zomwe ndi kachigawo ka nzeru ya ku Gando. Batire lotchaja matabuleti masana lingathe kuyatsa mababu angapo madzulo kuti a Sitandade 8 awerengere mayeso. Koma zimenezi zimachitika pokhapokha wogula matabuleti ndi womanga mdadada akhale pa tebulo limodzi pulani isanadindidwe. Kawirikawiri amabwera pa galimoto zosiyana, zaka zosiyana, ndi ndalama za mabungwe osiyana, ndipo wa sola amangoboola malata amene wawapeza.

Palinso ntchito ina ya nyumba ya sukulu imene pulani yakale, makina osindikiza ndi tabuleti zonse siziitchula. Namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa theka la miliyoni adasowa pokhala, ndipo ambiri a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje adathamangira ku sukulu, monga adachitiranso pa madzi osefukira a 2015 ndi 2019. M'midzi yambiri kalasi ndiyo nyumba yokhayo ya anthu onse yokhala ndi maziko a simenti. Masiku amenewo chimene chidali ndi phindu ndi pansi pokwezeka pomwe madzi sadafike, denga limene lidapirira, zimbudzi zokwanira mabanja ambiri, thanki yokolola madzi a pa malata, ndi soketi imodzi yotchajira foni kuti munthu adziwitse abale ake ku Johannesburg kuti ali moyo. Boma lidatseka masukulu m'maboma okhudzidwawo, ndipo ana adakhala masabata angapo osaphunzira. Atatsegulira, m'masukulu ena adakaphunzirira m'matenti ndi pansi pa mitengo, chifukwa m'makalasi mwawo mudali mukugonabe anthu.